Mapiritsi Okhazika Mtima Pansi

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga, ndipo ine ndakhala ndikuzengereza. Si ulesi ayi. Munthu amene wagwira ntchito ya chipatala zaka makumi atatu ndi ziwiri amatopa ndi cholembera kuposa khasu. Za ubwana wanga sindilemba, mulibe chachilendo: ndinabadwa, ndinadwala chikuku, ndinachira, ndinapita kusukulu. Ndiyambira pamene boma linayamba kundidziwa dzina.

Chaka choyamba pa ntchito

Nditamaliza maphunziro ananditumiza ku kachipatala kena kufupi ndi Chiringa. Sindinali dokotala, zimenezo muzidziwe, ndinali wothandizira chabe. Koma kumudzi aliyense wovala choyera ndi adokotala, ndipo dzinalo ndinayenda nalo mpaka tsiku lopuma. Amene anandilandira anali a Nampuluma, bambo wachikulire wa mawu ochepa, amene ankafwenkha fodya kuseri kwa chipinda cha mankhwala poganiza kuti sitikuwaona. Tsiku loyamba lomwelo anatenga zala zanga zitatu n'kuziika pa mtsempha wa padzanja la wodwala. "Makina athu ndi amenewa, mwana wanga," anatero. "Ena onse ali ku Blantyre." Anandiphunzitsa kuwerenga kugunda kwa mtima mphindi yathunthu, maso ali pa wotchi, osati kuwerenga pang'ono n'kuchulukitsa monga tinkachitira kusukulu. Ankati mtima wodwala ukaufunsa mothamanga umanama.

Chachiwiri chimene anandiphunzitsa chinali cha pa zenera loperekera mankhwala. Odwala athu ambiri sankawerenga, ndipo agogo ena ankamva Chilomwe bwino kuposa Chichewa. A Nampuluma ankati wodwala samwa zimene walemba m'kabuku, amamwa zimene wamva. Phunziro limeneli ndinaligwira ndi manja awiri, mwinanso mopitirira. Ndinayamba kupatsa mankhwala aliwonse dzina la Chichewa loti munthu asaiwale: awa ndi okodzetsa, awa ndi othamangitsa njoka za m'mimba, awa ndi owonjezera magazi. Anthu ankaseka, ankamva, ankachira. Ine ndinayamba kudzimva kuti pakamwa ndili napo. Zaka khumi zinatha choncho, a Nampuluma anapuma ntchito, ndipo pasanathe zaka ziwiri tinakawaika m'manda.

Chaka chakhumi ndi chimodzi: kunyanja

Kalata inabwera yonditumiza ku chipatala china chaching'ono cha kumbali ya Nyanja ya Chilwa. Amayi anu analira, osati chifukwa cha ntchito koma chifukwa cha udzudzu. Kumeneko dzinja likafika msewu unkasanduka phala, galimoto ya mankhwala n'kutha miyezi iwiri osaoneka. Ikabwera inkatsitsa makatoni a magolovesi ndi mabandeji, pomwe ife tinkafuna mankhwala a malungo. Ndinatopa ndi kupepesa anthu chifukwa cha zinthu zimene sindinalakwe ine. Mkulu wa chipatalacho anali a Chikwatu, munthu wamng'ono kwa ine pa zaka koma wamkulu pa mapepala. Sanali woipa mtima. Vuto lawo linali loti ankaopa kuboma kuposa mmene ankaopera Mulungu, ndipo lipoti lililonse ankafuna lituluke loyera ngati mpunga wopetedwa kawiri.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi mayi Filesi. Anali mlimi wa mpunga, wa zaka ngati makumi asanu, wa mpingo, woyankhula Chichewa chopendekera ku Chilomwe. Amene anawabweretsa pa njinga anali mwana wawo Lukasi, bambo wa ana awiri amene ankapha nsomba panyanjapo. Miyendo ya mayiwo inali yotupa, ndipo kuchoka pakhomo kufika pa benchi anapuma kawiri. Nditagwira mtsempha ndinamva mtima ukugunda ngati nkhuku yojompha chimanga: katatu mofulumira, kuima, kamodzi, kenako kasanu. Ndinawerenga mphindi yonse, ndinabwerezanso, ndipo ndinalemba kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu.

Patatha milungu itatu anabwerako ndi kabuku kolembedwa mankhwala awiri: okodzetsa, ndi ena otchedwa digokisini. Awa ndi mapiritsi ang'onoang'ono oyera amene amachepetsa liwiro la mtima wothamanga mosalongosoka n'kuupatsa mphamvu. Ndi mankhwala abwino koma ovuta, chifukwa pakati pa muyezo wochiza ndi muyezo wopha pali kampata kochepa kwambiri. Zipatala zing'onozing'ono ngati chathu sizinkalandira mankhwala amenewa. Mayi Filesi sakanatha kupita kuboma mwezi ndi mwezi, ndiye ndinkapita ine pa njinga yanga, kukagwada kwa osunga mankhwala mpaka andipatse mapiritsi makumi atatu. Ulendo wake unali wa tsiku lathunthu, ndipo pobwera msana unkachita ngati si wanga.

Tsiku limene ndinawapatsa koyamba ndikulikumbuka bwino. Anatenga kajumboko n'kukayang'anitsitsa padzuwa.

"Nanga timeneti n'tachiyani, adokotala? Kuchepa konseku tingachize munthu wamkulu ngati ine?"

Kumbuyo kwawo kunali mzere wautali, ndipo ine ndinkafuna mawu achidule oti asaiwale. Anabwera okha pakamwa.

"Mayi, mtima wanu umathamanga kwambiri, umadumphadumpha. Awa ndi okhazika mtima pansi. Limodzi m'mawa, tsiku lililonse."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Okhazika mtima pansi! Ndiye azungu afika popanga n'zimenezo? Lukasi, tamva! Bambo ako akamandiputa ndizingomwa kameneka."

Anthu pamzere anaseka, inenso ndinaseka. Ndinakondwa kuti ndapeza dzina labwino. Sindinawauze kuti kuwonjezera ngakhale limodzi n'koopsa, sindinawauze zizindikiro zoti athamangire nazo kuchipatala. Ndinangoitana wotsatira.

Mankhwalawo anagwira ntchito. Miyendo inaphwa, mayi Filesi anabwerera kudimba, ndipo nthawi yokolola ananditumizira mpunga umene inu munadya osadziwa kumene unachokera. Mwezi uliwonse akafika pa zenera ankati, "Ndabwera kudzatenga ondikhazika aja," ife n'kuseka. Nthabwala imeneyi tinaseka chaka chathunthu.

Febuluwale wa chaka chotsatira

Mayi Filesi ndinawapatsa kajumbo katsopano Lachiwiri. Lachinayi mphepo inagubuduza bwato la Lukasi pakati pa nyanja, ndipo thupi lake linapezeka m'mabango patatha masiku atatu. Anali mwana wawo wamwamuna yekhayo. Ine sindinapite kumaliro, tinali ndi odwala kutsekula m'mimba odzaza khonde, ndipo ndinadziuza kuti ndikapepesa zinthu zikapepuka.

Patatha masiku asanu ndi anayi chimwalirire Lukasi, amuna a mayi Filesi, bambo Mulekano, anabweretsa mayiwo m'mawa atawagoneka pa machira. Anali akusanza, osadya masiku atatu, ofooka ngati nsanza. Amayi amene anawaperekeza ankati ndi chisoni chabe. A Chikwatu atawayang'ana anati ndi malungo, tiwabaye jakisoni. Inenso ndikanavomera, koma nditawerama kuti ndiwapatse moni anatsegula maso n'kundiyang'ana modabwa.

"Adokotala, bwanji lero mwavala chachikasu?"

Ndinali nditavala chijasi changa choyera cha masiku onse. Kuona zinthu ngati zachikasu ndi chizindikiro chimene tinaphunzira kusukulu, cha munthu amene digokisini wamuchulukira m'thupi. Ndinagwira mtsempha. Mtima umene unkathamanga uja tsopano unkachita kukwawa, osafika ngakhale makumi anayi ndi asanu pa mphindi, n'kumaima pakati ngati ukuganiza zosiya. Ndinapempha kajumbo kawo. Bambo Mulekano anamasula pa nsonga ya chitenje cha akazi awo n'kundipatsa. Munayenera kutsala mapiritsi khumi ndi asanu ndi anayi. Munali asanu ndi limodzi.

"Mayi, mapiritsiwa mwamwa bwanji?"

Anayankha pang'onopang'ono, mawu akutha. "Aliyense wolowa m'siwa muja ankandiuza kuti khazikani mtima pansi mayi, khazikani mtima pansi. Abusa anatero, amayi a mpingo anatero. Ine ndinayesetsa, koma murima wangawu osamva. Ndiye ndinakumbukira kuti adokotala anandipatsa ake. Ndikaganiza za Lukasi, ndimamwa limodzi. Koma sakugwira ntchito, adokotala. Kapena awa ndi akale?"

Ndinabisa kajumboko m'thumba, ndinauza anamwino kuti asawapatse mankhwala ena aliwonse, ndipo tinatumiza uthenga pa wayilesi ya chipatala wopempha ambulansi. Anatiyankha kuti ikudikira mafuta, ifika masana.

Munthu akamatumizidwa kuchipatala chachikulu amapita ndi kalata yofotokoza chimene chachitika. A Chikwatu anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Ndinawauza zonse, mpaka mawu aja a pa zenera. Anasisita chipumi.

"Lembani kuti wodwalayu wamwa mankhwala opitirira muyezo mwadala, chifukwa cha maliro," anatero.

"Bwana, sanamwe mwadala. Anamwa monga anamvera kwa ine."

"M'kabuku munalemba chiyani?"

"Limodzi patsiku."

"Basitu. Kabuku ndi kamene kamayankhula kuboma. Za pa zenera zinapita ndi mphepo. Mukalemba zanuzo abwera kudzafufuza chipatala chonse, ndipo woyamba kuchoka ndinu. Muli ndi ana anayi pasukulu, mukugona m'nyumba ya boma. Ganizani bwino, akulu."

Ndisakunamizeni kuti ndinaimirira n'kumenya tebulo. Ndinatuluka mwakachetechete, ndinakhala pa mpando wanga, ndipo mzere woyamba ndinalemba ndendende monga a Chikwatu ananenera. Ndinkadziwa bwino lomwe tanthauzo lake. Kalata yotero imafika mpaka kupolisi, ndipo ikafika kumudzi imakhala yoipa kuposa pamenepo. Mayi wovala yunifolomu ya mpingo angadziwike mpaka kumanda kuti ndi uja anafuna kudzipha, akulu a mpingo angamuike pa chilango, adzukulu ake angakule akulozedwa zala. Zonsezi ndinkazidziwa, koma cholembera chinkayendabe.

Ndili pakati polemba, bambo Mulekano anagogoda. Anavula chipewa, anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Pepani adokotala, ndingofunsa. Panjapa anthu ayamba kunong'onezana kuti mayi a kunyumbawa amafuna kutsatira mwana. Ine ndakhala nawo zaka makumi atatu, koma za m'mutu mwa munthu sungadziwe. Inu ndi amene mwaona mankhwalawo. Ndi zoona?"

"Ayi bambo, si zoona."

"Nanga chachitika n'chiyani?"

"Ndine ndinawafotokozera molakwika."

Sanakalipe, sanandithokozenso. Anangoti, "Chabwino, ndikawauze anthuwo," n'kutuluka. Atatuluka ndinang'amba pepala lija. Si kulimba mtima kumene kunandichititsa, koma kuti ndinali nditanena kale pakamwa, ndipo sindikanatha kulemba zina. M'kalata yatsopanoyo ndinalemba kuchuluka kwa mapiritsi amene anamwa, kugunda kwa mtima, ndi mawu anga enieni a pa zenera, m'Chichewa momwemo, kuti dokotala wowerengayo amve kumene cholakwa chinalowera. A Chikwatu anawerenga, anasaina osandiyang'ana, ndipo kuyambira tsiku limenelo tinkangopatsana moni.

Malichi

Mayi Filesi anachira. Anakhala kuboma milungu iwiri, mankhwala aja anatuluka m'thupi, ndipo dokotala analemba kuti ayambirenso koma theka la piritsi patsiku. Ndinapalasanso njinga kukatenga mapiritsi khumi ndi asanu. Ndinawadula ndekha ndi lezala pa mbale yoyera, limodzilimodzi, kuti mayiwo asavutike kapena kulakwitsa. Anatuluka matheka makumi atatu, a mwezi wathunthu.

Atabwera sindinawapatsire pa zenera. Ndinawalowetsa m'chipinda pamodzi ndi amuna awo, ndinawapatsa mpando. Anali ataonda, mpango wakuda kumutu. Ndinapepesa za Lukasi, ndinapepesanso za ine mwini. Kenako ndinayamba kufotokoza, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaona kuti pakamwa pamene ndinkadzitama napo panalibe kanthu. Mawu aliwonse amene ndinkafuna kunena anali ndi mbali ziwiri. Ndikati mtima ukuthamanga, ndi mantha. Ndikati mtima ukupweteka, ndi chisoni. Ndikati mtima uli m'malo, ndi mtendere. Ndinachita kutenga dzanja lawo n'kuliika pachifuwa pawo.

"Mayi, mukumva chikugundacho? Imeneyo ndi nyama, ngati mtima wa mbuzi umene mumauona mukapha. Ntchito yake ndi kupopa magazi basi. Mankhwalawa ndi a nyama imeneyo. Theka limodzi m'mawa. Mukhale okondwa, theka limodzi. Mulire tsiku lonse, theka limodzi lomwelo. Mukaiwala, musabwezere. Mukayamba nseru kapena kuona zachikasu, musiye, mubwere kuno. Tabwerezani zimene ndanena."

Anabwereza zonse osaphonya. Bambo Mulekano nawonso anabwereza. Kenako mayiwo anafunsa, mwaulemu ndithu, ngati munthu wofunsa njira.

"Ndamva adokotala, awa ndi a mtima wa nyama. Nanga a winawu muli nawo?"

"Tilibe, mayi."

"Ngakhale ku Blantyre?"

"Ngakhale ku Blantyre."

Anagwedeza mutu, anamanga kajumboko pa nsonga ya chitenje, anathokoza, n'kunyamuka. Ndinawauza kuti ndidzawayendera kumudzi pakatha mlungu kuti ndidzaone mmene akumwera, ndipo ndinkanena zoona.

Patangotha masiku anayi ndinalandira kalata yochokera kuboma. Sinatchule za mayi Filesi, sinatchule chilango. Inangoti chifukwa cha kuchepa kwa antchito ndikufunika ku kachipatala kena kufupi ndi Fort Lister, ndipo galimoto yonyamula katundu ibwera Loweruka. Inu akuluakulu mukukumbuka ulendo umenewo, mmene tinakwerera pamwamba pa matumba, mvula ikutinyowetsa pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Amene analowa m'malo mwanga ndinamufotokozera zonse, ndinamulembera dzina la mudzi, ndinamupempha kuti azikatenga mapiritsiwo kuboma. Anati aona. Sindimuimba mlandu. Anapeza khonde lodzaza ndi mashelefu opanda kanthu, monga ndinapezera ine. Inenso ndinadziuza kangapo kuti Loweruka likubwerali ndipalasa njinga mpaka kunyanja, koma Loweruka lililonse linkabwera ndi odwala ake, ndipo ndinali wotopa.

Meyi, ku Fort Lister

Linali tsiku lozizira, chifunga chitatsika m'phiri, dzuwa litapendeka. Ndikutseka zenera ndinaona munthu akutsika pa njinga movutikira, fumbi mpaka m'mawondo. Anali bambo Mulekano. Ananyamuka kunyanja mbandakucha, akufunsa njira m'misika mpaka kundipeza. Nditaona kuti ali okha ndinadziwa.

Tinakhala pa benchi ya odwala. Anati mayi Filesi tinawaika Lachisanu lapitalo. Miyendo inayambanso kutupa mwezi wa Epulo, kenako mimba, kenako ankagona chokhala chifukwa cha befu. Mpunga unacha iwo osaponda kudimba.

"Nanga mankhwala ankamwa?" ndinafunsa.

"Sankakana ayi. M'mawa uliwonse ndinkawakumbutsa, iwo n'kumati ndimwa mawa. Ndikati tiyeni kuchipatala, ankati adokotala athu anachoka, watsopanoyo ndikamuuza chiyani." Anapukuta maso ndi chipewa. "Koma anagona bwino, adokotala. Amayi a mpingo anavala zoyera, anaimba mpaka kumanda. Palibe ananena kanthu koipa."

Ndinawapempha kuti agone kwathu, anyamuke m'mawa. Anakana, anati ali ndi mlongo wawo chakumunsiko, ndipo kumudzi kukadali anthu a pamaliro. Asananyamuke anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kachidutswa ka chitenje komanga mfundo.

"Anandituma. Anati mukawapeze adokotala kumene aliko mukawabwezere, anavutika nawo pa njinga. Apatse wina amene akuwafuna."

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndinaimirira mpaka njinga itabisika. Nditabwerera m'chipinda ndinamasula mfundo ija, yomwe inali yolimba kwambiri moti ndinachita kuiluma ndi mano. Ndinakhuthulira pa tebulo n'kuwerenga ndi nsonga ya cholembera. Ndinawerenganso kachiwiri, ngakhale panalibe chifukwa. Matheka onse makumi atatu analipo, monga ndinawadulira.